TISABISE MISOZI YATHU KWA MULUNGU

Mau a Mlembi wa Chigwirizano cha Amai pa tsiku lokondwerera chaka chathu
Kuwerenga: Salmo 88 ndi Yohane 11:17-37



Lero ndi tsiku lachimwemwe. Chigwirizano cha Amai m'Sinodi wathu wa Nkhoma chidayamba m'chaka cha 1940, ndipo zaka zoposa 80 zapitapo Mulungu akutisunga. Amai amene adayamba ntchitoyi adagona kale, koma nyali imene adayatsa sidazime. Tiyamika Mulungu chifukwa cha iwo.

Kapena wina afunsa mumtima mwake kuti, nanga bwanji pa tsiku la nyimbo ndi nthungululu mwasankha kulankhula za kulira? Yankho lake lili m'mabuku a ulembi. Aliyense amene adagwirapo buku la Chigwirizano adziwa kuti masamba ake ambiri ndi a maliro: kwakuti tidakagona, kwakuti tidapereka ufa ndi nkhuni, kwakuti tidakaperekeza mnzathu kumudzi. Palibe gulu lina mumpingo limene limakhala pafupi ndi misozi ya anthu monga ife. Tsono ngati ntchito yathu yaikulu ili pakati pa olira, tiyenera kudziwa bwino chimene Mulungu anena za kulira. Mau athu lero ndi amodzi okha: Mkristu ali ndi ufulu wolira pamaso pa Mulungu ndi kumuuza zonse zowawa za mumtima mwake, ndipo kuteroko ndi chikhulupiriro ndithu.

MAU AMENE AMAMVEKA PA SIWA

Tonse tiwadziwa mau amene amamveka m'nyumba ya siwa. Namfedwa akangokweza mau, pomwepo wina amamugwira paphewa nati, “Limbani mtima, mai, inu ndinu Mkristu.” Wina amati, “Musatero, mukumuchimwira Mulungu.” Winanso amati, “Mukabvala yoyerayi simuyenera kulira ngati akunja.” Onena mauwa sanena ndi mtima woipa ai. Afuna kuthandiza, ndipo nthawi zina alibe china choti anene. Koma namfedwa uja amamva kuti misozi yake ndi tchimo. Amameza kulira kwake, napukuta kumaso ndi chitenje, nayamba kuyimba nao nyimbo pamene mtima wake uli kutali. Anthu amabwerera kwao akumuyamika kuti, “Mai uja ndi wolimba m'chikhulupiriro.” Koma usiku, anthu onse atabalalika, amatsala yekha ndi katundu amene sadamtule kwa munthu kapena kwa Mulungu.

Kawirikawiri onena mauwa amatsamira pa 1 Atesalonika 4:13. Tikupemphani, amai, mukafika kunyumba mukaiwerenge bwino ndimeyi. Paulo sadaletse Akristu a ku Tesalonika kumva chisoni. Iye adangosiyanitsa chisoni cha munthu amene ali ndi chiyembekezo ndi chisoni cha munthu amene alibe. Onse awiri amalira, koma mmodzi amadziwa amene akumlirira. Paulo yemweyo, polembera Afilipi za mnzake Epafrodito amene adadwala pafupi kufa, adabvomera poyera kuti mnzakeyo akadamwalira, chisoni chake chikadasanjikizana. Pa Aroma 12:15 atilamula kuti olira tiziwathandiza kulira. Makolo athu nao adati maliro n'kulirana. Sadati maliro n'kutontholetsana.

ANTHU A MULUNGU AMENE ADALIRA

Buku Lopatulika lidasindikizidwa lathunthu m'chinenero chathu m'chaka cha 1922, atagwira ntchito yaikulu Mbusa William Murray ndi anzake, azungu ndi aphunzitsi a kuno kwathu. Iwo sadachotsemo masamba a kulira ai. Adatisiyira onse, ngakhale buku lathunthu la mitu 5 lotchedwa Maliro, lolira mzinda wa Yerusalemu utapasuka. Masalmo alipo 150, ndipo ophunzira Mau a Mulungu atiuza kuti pafupifupi limodzi mwa magawo atatu ndi madandaulo. Ndiye kuti m'buku la nyimbo la Aisraele, nyimbo yodandaula inkayimbidwa m'nyumba ya Mulungu momwemo, osati kuseri.

Taonani Salmo 88 limene tawerenga lija. Masalmo ena odandaula amayamba ndi misozi natsiriza ndi chiyamiko. Koma ili ai. Liyamba mumdima, litsirizanso mumdima. Mwini wake aona kuti abwenzi amthawa, manda ali pafupi, ndipo Mulungu wabisa nkhope. Komabe taonani chinthu chimodzi: kuyambira ndime yoyamba mpaka yotsiriza munthuyu akulankhula ndi Mulungu. Sadapite kwina. Ndipo Mzimu Woyera adalola kuti pemphero lotere likhale m'Buku, kuti mai amene sangathe kunena Aleluya lero adziwe kuti malo ake alipo.

Kumbukirani Hana, mkazi wa Elikana. Iye adalibe mwana, ndipo mkazi mnzake Penina ankamtonza chaka ndi chaka. Ku Silo, m'nyumba ya Yehova, Hana adalira kwambiri, milomo ikugwedera koma mau osamveka, kufikira wansembe Eli adamuyesa woledzera. Onani kuti ngakhale mtsogoleri wa mpingo akhoza kulephera kuzindikira pemphero la misozi. Hana sadachite manyazi. Adamuuza Eli kuti sadamwe kanthu, koma akukhuthula mtima wake kwa Mulungu. Ndipo tiwerenga kuti adachoka pamenepo nkhope itasintha, nakadya chakudya, mwana asanabadwe n'komwe. Chimene chidampeputsa tsiku limenelo ndi kutula.

Kumbukirani Naomi. Adapita ku Moabu ndi mwamuna ndi ana awiri aamuna kuthawa njala, nabwerako wamasiye, atasiya manda atatu kuchilendo. Amai a ku Betelehemu atamlonjera ndi dzina lake, iye adakana, nati amutche dzina lotanthauza kuwawa, chifukwa Wamphamvuyonse adamchitira zowawa. Mau olemera amenewo! Ife tikadakhalapo kapena tikadanjenjemera. Koma palibe pamene tiwerenga kuti Mulungu adamlanga chifukwa cha mauwo. Mai yemweyo ndiye adadzafungata Obedi, agogo ake a mfumu Davide.

Alipo mai wina amene satchulidwa kawirikawiri pa guwa, dzina lake Rizipa, pa 2 Samueli 21. Ana ake awiri adaphedwa pamodzi ndi ena asanu chifukwa cha mlandu wa mfumu Sauli, ndipo mitembo yao idasiyidwa paphiri. Rizipa adayala chiguduli pathanthwe, nakhala pomwepo kuyambira nyengo yokolola kufikira mvula idagwa, masana kuingitsa mbalame, usiku kuingitsa zilombo. Sadalalike, sadayimbe. Koma kulira kwake kudafika kwa mfumu Davide, ndipo mafupa aja adaikidwa mwaulemu. Chisoni chimene chionekera poyera chimatha kudzutsa ngakhale mafumu.

Nanga Yobu? Pa manda alionse timamva ndime ija ya Yobu 1:21, ndipo ndi ndime yabwino. Koma buku la Yobu lili ndi mitu 42. Tikangotsegula mutu 3 tipeza munthu yemweyo akutemberera tsiku limene adabadwa. Mitu yotsatira adafunsa Mulungu mafunso amene ambiri a ife tingaope kuwatchula. Abwenzi ake atatu poyamba adachita bwino: adakhala naye pansi masiku 7 osanena kanthu. Zidaipa pamene adatsegula pakamwa kuti aikire Mulungu kumbuyo ndi kumufunira Yobu tchimo lobisika. Potsiriza, pa mutu 42, Mulungu adakwiyira abwenzi aja, nati Yobu ndiye adanena zoona za Iye. Amai, tiganizire bwino pamenepa. Amene adalira ndi kufunsa ndiye adabvomerezeka, ndipo amene ankamtontholetsa ndiwo adafunika kupemphereredwa.

AMBUYE WATHU MWINI

Koposa onsewa tili ndi Ambuye Yesu. Ku Betaniya, Lazaro atagona m'manda masiku 4, Marita adatuluka kukamchingamira, ndipo mau ake oyamba adali odandaula kuti Ambuye adachedwa. Mariya naye atafika adanena mau omwewo ali chogwada. Ife amai timawamva bwino mau amenewa, pakuti ndi mau a munthu amene adatumiza uthenga nthawi ilipo, nadikira pakhomo, koma thandizo silidafike. Kodi Yesu adawadzudzula? Kodi adati alimbe mtima? Ai. Adafunsa kumene adamuika, ndipo Iye mwini misozi idatsika m'masaya mwake, anthu onse akuona. Iye ankadziwa kuti posachedwa amuukitsa Lazaro, komabe adalira. Tsono ngati kudziwa za kuuka kwa akufa sikudaumitse misozi ya Mwana wa Mulungu, ndani angatiuze ife kuti chikhulupiriro chiumitse yathu?

M'munda wa Getsemane adauza ophunzira ake atatu kuti mtima wake walemedwa ndi chisoni chofa nacho, napempha kuti akhale maso pamodzi naye. Pamtanda adapfuula ndi mau a Salmo 22, kufunsa Atate wake chifukwa chimene adamsiyira. Kalata ya kwa Ahebri 5:7 itiuza kuti mapemphero ake adali a kulira kwakukulu ndi misozi, ndipo adamveka. Mpingo woyamba udatsata mapazi omwewo. Stefano ataponyedwa miyala, amuna oopa Mulungu adamuika namlira kwambiri. Dorika atamwalira ku Yopa, amai amasiye adamzungulira Petro akulira, akumuonetsa malaya amene Dorika adawasokera. Amai amenewo tingati ndiwo Chigwirizano choyamba, ndipo Petro sadawauze kuti achimwa.

KUDANDAULA NDI KUNG'UNG'UDZA N'ZOSIYANA

Wina anganene kuti, kodi Aisraele m'chipululu sadalangidwe chifukwa cha kudandaula? Funsoli ndi labwino, ndipo tiyenera kusiyanitsa. Pa Numeri 14 anthu aja adang'ung'udza m'mahema mwao, nauzana okhaokha kuti asankhe mtsogoleri wina abwerere ku Ejipito. Iwo ankanena za Mulungu atamfulatira. Koma Hana, Yobu ndi Marita ankanena ndi Mulungu atamyang'ana. Kusiyana kwake ndi kumeneko.

Ife amai tichidziwa chimenechi m'nyumba zathu. Mwana ukamukwapula kapena akagwa, amalira akuthamangira m'chitenje mwako momwemo, nthawi zina akukumenya ndi timanja take. Mai wanzeru sakwiya, amamunyamula. Mwana amene amatiopsa ndi uja wangoti duu, wosalira, wosalankhula, wosafuna kukhudzidwa. Ameneyo timathamanga naye kuchipatala. Momwemonso Mulungu saopa mafunso athu. Chimene chimamvetsa chisoni ndi Mkristu amene waleka kulankhula naye, amene abwera ku tchalitchi ndi thupi lokha, mtima atautsekera.

MISOZI YA MUMZINDA MUNO

Likulu la dziko lidasamuka ku Zomba kubwera kuno ku Lilongwe m'chaka cha 1975, ndipo kuyambira pamenepo anthu akhala akubwera kuchokera m'maboma onse. Ambiri a ife pano kwathu ndi ku Dowa, ku Dedza, ku Ntchisi, ku Mchinji, ku Kasungu, ku Ntcheu ndi kwina. Maliro a m'tauni ali ndi kuwawa kwake. Kumudzi namfedwa amakhala pakati pa abale ake miyezi yambiri. Kuno thupi limakwera galimoto kupita kumudzi, kapena kupita ku manda a ku Area 18, ndipo patapita masiku owerengeka mai uja amabwerera m'nyumba ya lendi. Mwini nyumba afuna ndalama yake, ana afuna fizi, geni ya pamsika yaima. Alibe nthawi yolira, alibenso womlirira. Mbale wake wa pafupi ndi ife.

Ndipo mzinda uno waona zambiri. Amene tili achikulire tikumbuka zaka za Edzi. Matendawa adapezeka koyamba m'dziko muno m'chaka cha 1985, ndipo mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa ulere m'chaka cha 2004. Pakati pa zaka zimenezo tidaika ana athu, azing'ono athu, aphunzitsi ndi anamwino. Akalipentala a m'mbali mwa msewu ku Mchesi adachulutsa mabokosi kuposa mipando. Koma choopsa china chidali chakuti matendawo sankatchulidwa. Pa mwambo wa maliro ankangoti, “Adadwala nthawi yaitali.” Amasiye ambiri adalira ndi manyazi, ena ndi mkwiyo, ena ndi mantha kuti mawa ndi iwo, ndipo zonsezi adazisunga m'mimba. Agogo amene adatsala ndi adzukulu asanu kapena asanu ndi mmodzi adalibe tsiku lokhala pansi kulira ana ao. Ena a iwo ali pakati pathu lero, ndipo misozi imeneyo ikadali momwemo.

Matenda a Covid-19 adalengezedwa koyamba m'Malawi pa 2 Epulo 2020, kuno ku Lilongwe komwe kuno. Mu Januwale 2021 adakula kwambiri, kotero kuti nduna ziwiri za boma zidamwalira tsiku limodzi, pa 12 Januwale, ndipo bwalo la masewera la Bingu lidasanduka chipatala. Masiku amenewo chiwerengero cha anthu pa maliro chidachepetsedwa. Ena adaikidwa ndi anthu a zaumoyo obvala zodzitetezera, abale ataima patali, osaona nkhope, osagona pa siwa. Kenaka kolera ya 2022 ndi 2023 idatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo boma la Lilongwe lidali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri. Munthu ankadzuka bwinobwino m'mawa, pofika mawa lake palibe. Zoonadi chakudza sichiyimba ng'oma.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula mapiri kum'mwera, ku Chilobwe mu Blantyre, ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu. Akufa ndi osowa adapitirira 1,000. Alipo amai amene mpaka lero alibe manda oti akaikepo nkhata, chifukwa matupi a ana ao sadapezeke. Ndipo pa 10 Juni 2024 ndege idagwa m'nkhalango ya Chikangawa, nimwalira Wachiwiri kwa Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Dr Saulos Chilima, pamodzi ndi anthu ena 8. Boma lidalengeza masiku 21 olira. Taonani, amai, ngakhale boma lidziwa kuti mtundu wa anthu uyenera kupatsidwa nthawi yolira. Kodi mpingo wa Kristu ungachepetsere mai wamasiye masiku ake?

Pali chisoni china chimene ife amai tokha tichidziwa. Ndi cha nthayo ndi cha kupita padera. Mwa mwambo wathu, khanda lotere limaikidwa ndi amai okhaokha, mwakachetechete, ndipo mai wake amalangizidwa kuti asalire, ena amati akalira sadzaberekanso. Palibe nyimbo, palibe chipepeso, palibe dzina. Mai amabwera kuchokera ku Bwaila kapena ku chipatala cha Kamuzu Central manja ali lende, mawere akutuluka mkaka, nauzidwa kuti aiwale. Sitikunyoza makolo athu, pakuti iwo adali ndi zifukwa zao m'masiku amene makanda ankafa ambiri. Koma Mau a Mulungu pa Yeremiya 31:15 atchula Rakele wolira ana ake, wokana kutonthozedwa, ndipo Mulungu adamumva namuyankha. Misozi siitseka mimba ya munthu. Mai wotere ali ndi ufulu wouza Mulungu kuti mwana uja ankamufuna.

Abambo amene muli pano, mau awa ndi anunso. Mudakula mukuuzidwa kuti mwamuna salira. Pa maliro inu mumakhala panja pa moto, mukuthamangira za bokosi ndi galimoto, ndipo palibe amene amakufunsani za mumtima. Koma Davide adali msilikali wolimba, wopha Goliati, ndipo mwana wake Abisalomu atafa adakwera m'chipinda cha pamwamba pa chipata akulira ndi kuitana dzina la mwanayo mobwerezabwereza. Ife akazi anu tikupemphani: musamapite nacho chisoni ku mowa. Bwerani nacho kwa Mulungu, ndipo tilire limodzi m'nyumba.

MISOZI YOBISIDWA IMAPITA KUTI?

Madzi ukawatsekera kuno amatulukira uko. Ife a ku Kawale ndi ku Biwi tidziwa zimene mtsinje umachita ngalande zikatsekeka ndi zinyalala: umalowa m'nyumba za anthu. Chisoni nachonso chimatero. Funso lakuti “chifukwa chiyani?” likaletsedwa m'nyumba ya Mulungu, limapita kwa sing'anga, ndipo sing'anga sasowa yankho. Amatchula dzina la apongozi, la mnansi, kapena la agogo okalamba a kumudzi. Mabanja amapasuka, ndipo nthawi zina mwazi umakhetsedwa. Mu Januwale 2016 ku Neno okalamba anai a banja limodzi adaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwao, powaganizira ufiti mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Chisoni chimene chikadapita kwa Mulungu chidasanduka zikwanje.

Kwa ena chisoni chobisidwa chimasanduka matenda: kusowa tulo, kuthamanga kwa magazi, kukana chakudya, ukali pa ana. Kwa ena chimafika pa maganizo ofuna kudzichotsera moyo. Tikamva mnzathu akunena kuti kuli bwino angomtsata malemu, tisaseke ndipo tisamuopseze ndi Gehena. Tikhale naye, tiuze abusa, ndipo timperekeze kuchipatala, pakuti matenda a maganizo nao ali ndi madokotala ndi aphungu ake. Pemphero ndi chipatala sizilimbana.

TSONO TICHITE CHIYANI?

Tikupereka mfundo zisanu zoti nthambi iliyonse ikazikambirane pa msonkhano wake.

Choyamba, pa siwa timlole namfedwa alire. Nyimbo zathu zimunyamule, zisamtseke pakamwa. Akafunsa kuti “Mulungu, bwanji?” tisathamangire kuyankha. Tingomgwira dzanja. Abwenzi a Yobu adathandiza masiku amene adakhala chete.

Chachiwiri, tisamale mau athu. Kunena kuti “Mulungu wamkonda koposa” kwa mai amene waika mwana wa zaka zitatu kukhoza kumchititsa kuopa chikondi cha Mulungu. Kunena kuti “Mudzabereka wina” ndi kuiwala kuti mwana salowa m'malo mwa mnzake. Mau ochepa akwanira: “Pepani, tili nanu.”

Chachitatu, tibwerereko. Tsiku la maliro anthu amadzaza bwalo, koma chisoni chenicheni chimayamba mahema atachotsedwa ndi mapoto atabwezedwa. Nthambi iliyonse ilembe m'buku tsiku limene mnzathu adaferedwa, ndipo amai awiri kapena atatu akamuone patapita sabata ziwiri, patapita miyezi itatu, ndiponso chaka chikakwana. Tikapita tisaope kutchula dzina la malemu. Ofedwa ambiri amalakalaka kumva dzina limenelo. Ndipo tikapeza kuti achibale a mwamuna akumlanda katundu, timuuze kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaletsa zimenezo, ndipo timperekeze kwa oyenera. Kulira ndi mnzako ndi kuimanso naye.

Chachinai, tisaiwale amai a nthayo ndi opita padera, ndi amene akhala zaka zambiri pabanja opanda mphatso. Tiwayendere mwakachetechete, tipemphere nao, ndipo ngati afuna kulira, alire.

Chachisanu, tiphunzire ndi kuphunzitsa ana athu kupemphera m'masiku oipa. Amene sadziwa poyambira atsegule Salmo 13, Salmo 42 kapena Salmo 88, awerenge pang'onopang'ono, ndipo pamene mauwo akhudza bala lake aime, auze Mulungu ndi mau akeake: chimene chachitika, mmene chikuwawira, ndi chimene akupempha. Ngati mau akana kutuluka, asade nkhawa. Aroma 8:26 atitsimikizira kuti Mzimu amatipempherera ndi kubuula kumene mau sangakufotokoze. Tipemphenso abusa athu kuti masalmo amenewa azimveka pa guwa masiku ena a Sabata, osati pa maliro pokha, kuti tikawafuna tiwapeze ali kale mumtima.

MAU OTSIRIZA

Amai anzathu, sitikunena kuti Mkristu akhale wolira masiku onse. Chiyembekezo chathu chilipo ndipo ndi cholimba: Yesu adauka kwa akufa, ndipo amene adagona mwa Iye adzauka. Koma pakati pa Lachisanu la mtanda ndi m'mawa wa Sabata padali tsiku lathunthu la chisoni, ndipo amai amene adayamba kumuona atauka ndi omwe aja adapita kumanda akulira. Mariya wa Magadala adamva dzina lake likuitanidwa misozi ili m'maso. Salmo 56 litiuza kuti Mulungu amasunga misozi ya anthu ake monga munthu asungira chinthu cha mtengo wake m'nsupa. Ndipo pa Chibvumbulutso 21:4 tilonjezedwa kuti tsiku lina Iye mwini adzaipukuta. Ntchito yopukuta komaliza ndi yake. Yathu ndi kubwera nayo kwa Iye, ndi kuthandiza anzathu kubwera nayo.

Bulauzi yoyera ndi duku loyera sizitanthauza kuti mtima wathu ndi mwala. Zitanthauza kuti ndife a Kristu, pa tsiku la ukwati ndi pa tsiku la maliro. Ngati alipo pano amene wasunga misozi zaka zambiri poopa kuti anthu adzati chikhulupiriro chake n'chochepa, amve lero kuti khomo ndi lotsegula.

Tipemphere.

Atate wathu wachifundo, Inu mudziwa nyumba iliyonse ya ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo, ku Area 23, ku Area 25 ndi ku Mgona mmene muli mpando wopanda mwini. Mudziwa amasiye, ana amasiye, amai amene adaika makanda ao popanda nyimbo, ndi abambo amene amalira mumdima. Pali zambiri zimene sitizimvetsa, Ambuye, ndipo tabwera nazo kwa Inu monga ziliri. Musatibisire nkhope yanu. Tiphunzitseni kukhala pansi ndi olira, kusunga pakamwa pathu pamene mau sathandiza, ndi kubwereranso pamene ena onse apita. Dalitsani Chigwirizano chathu m'chaka chimene tikuyambachi. Tipempha m'dzina la Yesu Kristu, amene adalira pa manda a bwenzi lake, nagonjetsa imfa. Amen.